Gemu Yofuna Netiweki Tsiku ndi Tsiku Si Yako

Kumayambiriro kwa Meyi 2024, kampani ya Sony inalengeza kuti aliyense wosewera gemu ya Helldivers 2 pa kompyuta ayenera kukhala ndi akaunti ya PlayStation Network, netiweki ya Sony ya osewera pa makina ake a PlayStation, apo ayi gemuyo isiya kumutsegukira. Anthu miyandamiyanda anali atayigula kale kuyambira mu Febuluwale pomwe inatuluka. Chomwe akuluakulu a kampaniyo anaiwala, kapena sanachilabadire, n'chakuti akaunti imeneyi sitsegulidwa paliponse. Mayiko ndi zigawo zoposa 170 kulibe PlayStation Network, ndipo pa Steam, sitolo ya pa intaneti yogulitsa magemu a pa kompyuta, gemuyo anangoichotsa pamsika m'madera onsewo. Malawi ali m'gulu limenelo, pamodzi ndi Zambia, Mozambique ndi Zimbabwe. Kuno kum'mwera kwa chipululu cha Sahara, dziko lomwe Sony imaliwerengera ndi South Africa basi. Phokoso litakula, patangotha masiku ochepa Sony inabweza mawu ake pa nkhani ya akauntiyo. Koma aliyense amene anaitsatira nkhaniyi anaumva uthenga wake: pa mapu a anthu opanga makinawa, ife palibepo.

N'chifukwa chake ndimaseka ndikaona anyamata akukokanakokana m'magulu a pa WhatsApp, uyu akuti PlayStation 5 ndiye mfumu, uyo akuti Xbox ndiye dilu, wina n'kubwera ndi matama akuti munthu wodziwa gemu amasewera pa kompyuta basi. Mfundo zomwe amaponyeranazo anazitola pa YouTube, kwa anthu okhala kumene magetsi sazima, intaneti sawerengera, ndipo khadi la kubanki limalipira m'madola popanda kupempha chilolezo kwa munthu. Kumeneko funso lakuti makina ati amaonetsa udzu wa m'bwalo mokongola kwambiri ndi lomveka. Kuno mafunso athu ndi ena. Magetsi akazima, chinthuchi chindithandiza? Bandulo ikatha pakati pa mwezi, chitseguka? Ndikatopa nacho kapena mwana akadwala, ndingachigulitse? Mukayeza ndi mafunso amenewa, opambana ndi awiri omwe amanyozedwa kwambiri: foni ya m'thumba, ndi PlayStation yakale yolowa chimbale. Ine ndikuti anthu omwe amasankha ziwirizi sakutsalira. Awerengera bwino ndalama zawo kuposa omwe akuwaseka.

Tiyambe ndi foni, poti ndiyo inatilera. Ambiri a ife gemu yoyamba ya pa sikirini tinaisewera pa Nokia ya bambo kapena ya achimwene: kanjoka kaja ka Snake, komwe kanayamba kubwera m'mafoni a Nokia mu 1997 n'kudzatchuka kwambiri ndi 3310 ya mu 2000. Palibe amene anagula foniyo kuti azisewera gemu. Anagulira kuimba ndi kutumiza mauthenga, gemu inangobwera ngati bonasi. Mpaka lero mphamvu ya foni yagona pomwepo. Tecno, itel kapena Infinix yomwe munthu wagulira bizinesi yake, WhatsApp ndi kulandirira ndalama, ndi yomweyo imene madzulo imasanduka bwalo la mpira. Sipafunika kukambirana ndi a kunyumba zogula chinthu chachiwiri. Mafoni atatu onsewa amapangidwa ndi kampani imodzi ya Transsion ya ku Shenzhen, yomwe inalanda msika wa mu Africa chifukwa chomvetsa zinthu zing'onozing'ono monga batire lokhalitsa ndi malo a masimu awiri. Opanga magemu anzeru anaona chimodzimodzi. Free Fire ya kampani ya Garena ya ku Singapore, yomwe inatuluka mu 2017, anaikonza dala kuti iziyenda pa foni yotsika mtengo, ndipo nkhondo imodzi imatha m'mphindi pafupifupi 10. Dream League Soccer umatha kuisewera ndi deta yothimitsa. Ludo King yafika mpaka kwa azakhali omwe sanagwirepo kontrola moyo wawo wonse.

Apa ndiye pamabwera mawu aja akuti "imeneyo si gemu yeniyeni". Amawanena ndi kamlomo kopotoka anthu omwe ali ndi makina aakulu, ngati kuti mayi wogulitsa mandasi yemwe wafika levulo ya kutali pa Candy Crush akungowononga batire. Koma eni malonda sawaganiza choncho. Pa ndalama zonse zomwe magemu amabweretsa padziko lapansi, pafupifupi theka limachokera m'mafoni. Microsoft, mwini wake wa Xbox, itagula kampani yopanga magemu ya Activision Blizzard mu Okutobala 2023 pa madola pafupifupi 69 biliyoni, anthu ankangokamba za Call of Duty, koma m'thumba lomwelo munalinso kampani ya King, mwini wake wa Candy Crush, ndipo akuluakulu a Xbox sanabise kuti mafoni anali chimodzi mwa zifukwa zazikulu zogulira. Sony nayo mu Januwale 2024 inaika ndalama mu Carry1st, kampani ya ku Cape Town yofalitsa magemu a pafoni mu Africa. Choncho amene akunyoza wosewera pafoni adziwe kuti abwana a makina ake omwewo akuthamangira munthu yemweyo.

Nkhani ya magetsi siifunika kuitambasula kwa Mmalawi, koma manambala awiri atatu athandiza. Kalembera wa 2018 anapeza kuti nyumba pafupifupi 11 pa 100 zilizonse ndizo zinkaunikira ndi magetsi a pa waya. Ngakhale omwe ali nawowo akukumbukira zomwe zinachitika namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, dziko n'kutaya mphamvu zokwana mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. PlayStation 5 ikakhala pa gemu yolemera imadya mawati pafupifupi 200, osawerengera TV. Kompyuta yamphamvu ya magemu imadya kuposa pamenepo. Foni imakhuta ndi kasola kakang'ono ka padenga la udzu, kapena ndi ndalama zochepa kwa mnyamata wotchaja mafoni pamsika. Ndiye wina aziti chosankha chagona pa kukongola kwa zithunzi?

Komabe foni ili ndi malire ake, ndipo aliyense amene anayesapo kuchenjeretsa otchinga kumbuyo ndi zala ziwiri pa galasi loterera thukuta akudziwa. Foni imatentha ngati yatuluka pa mbaula, wina akaimba pakati pa penate zonse zasokonekera, ndipo sikirini yake ndi ya munthu mmodzi. Apa ndi pomwe PlayStation ya m'kashopu imalowera.

Pitani ku Ndirande, ku Kawale, ku Chibavi, kapena pa tauni iliyonse ya m'mbali mwa msewu yomwe magetsi anafikako. Kuseri kwa bala kapena pafupi ndi wometa tsitsi mupeza kachipinda kotchinga ndi nsalu pakhomo kuti dzuwa lisawale pa TV. M'katimo muli mabenchi awiri, TV yopachikidwa m'mwamba pang'ono, ndipo makina enieniwo mwini wake anawatsekera m'kabokosi ka matabwa kapena kachitsulo, mawaya okha ndiwo atulukira kunja. Kontrola imodzi yamangidwa ndi tepi yakuda. Inayo kandodo kake ka kumanzere kamakokera yokha mbali imodzi, ndipo aliyense wa m'deralo amadziwa, moti oyamba kufika amathamangira yabwinoyo. Mwini shopu ali pakhomo ndi kope ndi cholembera, akulandira ndalama ya gemu imodziimodzi. Lamulo lake n'lodziwika: wogonja ndiye amalipira, wopambana amakhalabe pampando. Osewera ndi awiri, koma m'chipindamo muli anthu khumi ndi kuposa. Wina akulangiza, "Mupatse wa kuphiko, aise!" Wina akuseka, wina akudikira mpata wake atafumbata ndalama m'dzanja. Kamnyamata ka pulayimale komwe kalibe kalikonse kaima pakona kuyambira masana, kakuloweza mabatani ndi maso. Zimafanana ndi bawo ya pansi pa mtengo: ogwira nkhomo ndi awiri, koma masewerawo ndi a onse ozungulira.

Makina omwe ali m'kabokosi kaja nthawi zambiri si atsopano. Ndi PlayStation 3 kapena 4, mwinanso 2 m'madera ena. Anthu akunja angadabwe kuti makina a mu 2000 akugwirabe ntchito yopezera munthu chakudya, koma PlayStation 2 ndiyo inagulidwa kwambiri kuposa makina ena onse a magemu, oposa 155 miliyoni, kutanthauza kuti zipangizo zake zosinthira zili mbwee, ndipo amisiri okonza mawailesi ndi mafoni anaidziwa m'kati mwake kalekale. PlayStation 4 ya mu 2013 nayo inagulidwa yoposa 110 miliyoni, ndipo azungu ndi anzathu a ku Joni akamagula yatsopano, yakaleyo imatsika n'kudzatipeza ngati kaunjika. Mwini shopu akamasankha makinawa sakufunsa za mphamvu. Akufunsa ngati anthu awiri angakhale pa benchi imodzi n'kumenyana popanda intaneti, komanso ngati chinthucho chikafa angachikonzetse pamsika.

Ndipo kuno gemu ndi mpira. Tisanamizane. GTA ndi Mortal Kombat zili ndi anthu ake, koma chomwe chimalipira lendi ya kashopu ndi FIFA ndi PES, mayina omwe anthu akuwatchulabe ngakhale onse awiri anasintha. Konami inasintha PES kukhala eFootball mu 2021, ndipo EA itasiyana ndi bungwe la FIFA, gemu yake inayamba kutchedwa EA Sports FC mu 2023. Pa nkhani ya eFootball pali phunziro lomwe likugwirizana ndi mfundo yangayi. Anaipanga yaulere, yodalira kwambiri intaneti, n'kuchotsamo zambiri zomwe anthu ankakonda kusewera paokha, ndipo itangotuluka inanyozedwa koopsa. M'mashopu ambiri anthu anangokakamira PES yakale, n'kumaisinthira mayina a osewera ndi mayunifomu chaka ndi chaka. Ena aluso amalowetsamo ngakhale Bullets ndi Wanderers, matimu omwe kampani yaikulu iliyonse sinawaganizirepo. (Chosangalatsa n'chakuti mu EA Sports FC yeniyeniyo muli Amalawi: Tabitha ndi Temwa Chawinga analowamo chifukwa cha maligi a mpira wa amayi a ku France ndi ku America. Koma kuti uwaone, uyambe wapeza makina ndi deta.)

Tsopano tifike pa mtima wa nkhani, chimbale. Gemu ya pa chimbale ndi katundu. Umaigwira m'manja, umabwereketsa mnzako, umasinthanitsa ndi ina, umaigulitsa ukasowa ya thiransipoti. Mu 2013 Microsoft inayesa kuthetsa zimenezi. Polengeza Xbox One inati makinawo azidzafuna kulumikizidwa pa intaneti kamodzi pa maola 24 aliwonse, ndipo kugulitsa kapena kubwereketsa gemu kudzakhala ndi malamulo ake. Sony inayankha ndi kavidiyo kachidule konyoza, kosonyeza mmene ungabwerekere mnzako gemu pa PlayStation 4: munthu mmodzi akupereka chimbale kwa mnzake, basi, kwatha. Anthu anaombera m'manja, Microsoft inabwerera m'mbuyo mu Juni chaka chomwecho, koma chilondacho sichinapole msanga. Ndikukhulupirira kuti ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zomwe Xbox sinazikikire mizu kuno, kuwonjezera pa chakuti anthu anazolowera kale mabatani a PlayStation, ndipo munthu amagula chomwe anzake ali nacho kuti azibwerekana.

Chomvetsa chisoni n'chakuti zomwe zinakanidwa ndi phokoso mu 2013 zabwera mwakachetechete. Mu 2020 Xbox Series S inatuluka yopanda polowetsa chimbale, pa madola 299. PlayStation 5 inabwera ya mitundu iwiri, yolowa chimbale ya madola 499 ndi yosalowa ya madola 399, nyambo yooneka bwino kwa munthu wofuna kupulumutsa ndalama. PlayStation 5 Pro ya mu Novembala 2024 inafika pa madola 699 koma polowetsa chimbale ugule padera. Nintendo nayo, itatulutsa Switch 2 mu Juni 2025, inalola mtundu wa makhadi omwe m'kati mwake mulibe gemu, muli kiyi chabe yokulola kupanga dawunilodi. Sony yomwe ija inkaseka anzake ikuyenda njira yomweyo.

Wina anganene kuti palibe vuto, dziko likupita patsogolo, nyimbo ndi mafilimu nazo zinachoka pa zimbale. Koma nyimbo imodzi ndi mamegabaiti ochepa. Gemu yamakono imatha kupitirira magigabaiti 100, ndipo Call of Duty: Modern Warfare ya mu 2019 inakula mpaka kudutsa 200 pa kompyuta. Ukamaliza kuikoka, sabata yotsatira ikuuza kuti pali zokonza zina zofunika kukoka usanasewere. Munthu wogula bandulo ya tsiku kapena ya usiku awerengere yekha. Kenako pali kalipiridwe. Popeza sitolo ya PlayStation kuno kulibe, anthu amanama potsegula akaunti kuti amakhala ku South Africa, ku America kapena ku Britain, n'kumagula makadi a ndalama kudzera kwa abale kapena kwa anyamata ochita malonda amenewa, aliyense akuikapo phindu lake. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwetsedwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo ndalama zakunja zikusowa ngakhale zogulira mafuta ndi mankhwala. Gemu yatsopano ya madola 70 ikamafika m'manja mwa munthu wa ku Lilongwe imakhala itadutsa m'misonkho yosalembedwa ingapo. Ndipo akauntiyo ikadzatsekedwa tsiku lina chifukwa cha adiresi yabodza ija, akadandaule kwa ndani? Magemu onse omwe anagula amapita nayo limodzi.

Izi si zongoopseza. Gemu ya mpikisano wa magalimoto ya The Crew, yomwe Ubisoft inatulutsa mu 2014, inkafuna intaneti nthawi zonse ngakhale ukusewera wekha. Pa 31 Malichi 2024 kampaniyo inathimitsa maseva ake, makompyuta omwe gemuyo inkalumikizana nawo pa intaneti, ndipo gemuyo inafa kwa aliyense, ngakhale omwe anali ndi chimbale m'manja. Ku Ulaya anthu anakwiya mpaka kuyambitsa kampeni ya Stop Killing Games, yomwe pofika Julayi 2025 inali itasonkhanitsa masiginecha oposa 1 miliyoni opita ku European Union. Boma la California linakhazikitsa lamulo, loyamba kugwira ntchito mu 2025, lokakamiza ogulitsa kuti azinena poyera kuti batani lolembedwa kuti gula likukupatsa chilolezo chogwiritsa ntchito chabe, katunduyo si wako. Steam inayamba kulemba chenjezo limeneli lamuloli lisanayambe n'komwe. Nkhani ya The Crew ikutiphunzitsanso kuti chimbale pachokha si chitetezo chokwanira. Musanagule, funsani ngati gemuyo imaseweredwa netiweki itathimitsidwa. Ngati yankho ndi ayi, mukuchita lendi, ndipo mwini nyumba angakutulutseni tsiku lililonse.

Za Game Pass ya Microsoft ndi anzake ndidutsapo mwachangu. Kulipira pamwezi n'kukhala ndi magemu mazanamazana kumamveka kokoma, koma kumafuna zinthu ziwiri zomwe tikusowazo, madola ndi deta, ndipo mtengo ali nawo ndi iwo: mu Okutobala 2025 Microsoft inakweza gawo lapamwamba kufika pafupifupi madola 30 pamwezi. Zosewera gemu yomwe ili pa kompyuta ya kutali, iwe n'kumangolandira zithunzi, ndiye ndi maloto enieni kwa munthu amene vidiyo ya pa WhatsApp imamudukira. Google yeniyeniyo inayesa ndi Stadia mu 2019, n'kuitseka mu Januwale 2023. Ndikudziwa kuti Starlink inafika m'Malawi mu 2023 ndipo mabanja ena m'mizinda ali ndi intaneti yosawerengera, sola ndi mabatire. Amenewo agule chomwe mtima wawo wafuna, palibe mlandu. Chomwe ndikukana n'chakuti zosankha zawo zikhale muyezo woyezera mwana wa ku Mchinji.

Kompyuta ili ndi malo ake, makamaka pakati pa ophunzira a m'makoleji. Laputopu ya kaunjika yomwe inatopa mu ofesi ina ku Ulaya imalemba asayimenti masana, usiku n'kuyendetsa Need for Speed yakale kapena FIFA ya zaka zapitazo, fani yake ikulira ngati ikufuna kuuluka. Ubwino wake ndi wofanana ndi wa foni: kholo limavomera kugula chifukwa ndi ya sukulu. Ili ndi batirenso, ngakhale la mphindi zochepa. Komanso ndi pa kompyuta pomwe mwana angaphunzire kusintha gemu, kulowetsamo timu ya kwawo, mwinanso kupanga yake. Pa chifukwa chimenechi chokha ndimailemekeza. Koma kompyuta ya magemu yeniyeni, ija ya magetsi amitundumitundu yomwe timaiona pa YouTube, khadi lake la zithunzi lokha limatha kuposa mtengo wa njinga yamoto ya kabaza. Imeneyo si nkhani ya anthu ambiri.

Sindingamalize ndisanakhudze nkhani yomwe aliyense akuidziwa koma sitiinena mokweza. Magemu ambiri omwe ali m'mashopu muja ndi m'mafoni sanagulidwe. Makina "anawachipa" kuti azilola magemu okopera, magemu amakhala pa fulashi kapena pa hadi disiki, ndipo pafoni pali PPSSPP, pulogalamu ya mu 2012 yoyendetsa magemu a PSP, PlayStation yaing'ono ya m'manja, yomwe payokha ndi yovomerezeka koma zomwe anthu amaikamo amangopatsirana pa Xender. Kukopera ntchito ya munthu osalipira n'kulakwa, ndipo oimba athu omwe akhala akulira ndi anthu owotcha nyimbo m'misika akudziwa kuwawa kwake. Sindikuikira kumbuyo. Koma ndikufunsa makampaniwo: munthu amene simunamutsegulire sitolo, simulandira ndalama yake, ndipo dziko lake mulibe pa mndandanda wanu, mumayembekezera kuti agula bwanji? Gabe Newell, mkulu wa Valve yomwe ndi mwini Steam, ananenapo mu 2011 kuti kukopera magemu mwakuba nthawi zambiri kumayamba chifukwa chosamufikira bwino wogula, osati chifukwa cha mtengo. Ankanena za Russia, komwe anthu ankati sikungagulitsidwe kanthu, koma Steam itayamba kuwatumikira bwino msika unakula. Tsiku lomwe munthu adzathe kugula gemu pa mtengo wolingana ndi thumba lake kudzera pa Airtel Money kapena Mpamba, ndi pomwe tidzadziwe kuti akuba enieni ndi angati.

Ndaiyamikira foni, koma ndikhala wabodza ndikapanda kunena choipa chake chachikulu, chomwe chimandidetsa nkhawa kuposa kutentha kwa batire. Gemu yaulere si yaulere. Anaipanga kuti uyambe mosangalala, kenako ufike pomwe kupita patsogolo kukuvuta, anzako avala zovala zonyezimira ndipo ali ndi osewera apamwamba, iwe uli ndi timu ya anthu wamba. Pamenepo imakuonetsa kabokosi: lipira pang'ono, mwina mutuluka wosewera amene ukumufunayo. Mawu ofunika ndi akuti mwina. Boma la Belgium linaweruza mu 2018 kuti mabokosi olipira oterewa ndi njuga, ndipo mu Januwale 2019 EA inasiya kugulitsa mapointi a FIFA m'dzikolo. Kuno, komwe kubetcha pafoni kwalowa kale m'magazi mwa achinyamata, mwana amene wazolowera kutsegula mabokosi a mwayi ali ndi zaka 12 tikumukonzekeretsa chiyani? Makolo ambiri amaona mwana ali phee ndi foni n'kumathokoza kuti sakuyendayenda. M'kashopu kaja, ndi zoipa zake zonse, ana othawa sukulu, mawu otukwana, nthawi zina kubetcherana, ndalama yomwe mwana wawononga imaoneka, ndipo mwini shopu wanzeru amathamangitsa ovala yunifomu nthawi ya maphunziro chifukwa amadziwa makolo awo. Foni sithamangitsa munthu. Choncho pomwe ndikuti foni ndi chosankha chanzeru, ndikunena magemu omwe amatseguka deta itathimitsidwa ndipo sakupempha ndalama mphindi zisanu zilizonse. Alipo ambiri. Njira yowayesera ndi yosavuta: ikani foni pa "flight mode", kachizindikiro ka ndege kothimitsa netiweki kaja, muone ngati gemuyo ikuyendabe.

Kwa amene ali ndi m'bale ku Johannesburg, ku Leeds kapena kwina amene walonjeza kutumiza makina a gemu, langizo langa ndi ili. Musachite manyazi kupempha PlayStation 4 yogwiritsidwapo kale ntchito m'malo mwa 5 yatsopano, ndalama yotsalayo agulire kontrola yachiwiri, zimbale zingapo, ndi kachipangizo koteteza makina magetsi akabwera mwamphamvu, chifukwa chomwe chimapha makina ambiri kuno ndi kubwera kwa magetsi, osati kuzima kwake. Akaumirira pa PlayStation 5, muwauze kuti, "Achimwene, ikhale yolowa chimbale." Ndipo ngati agula mtundu watsopano uja womwe polowetsa chimbale amagula padera n'kumangirirapo, pali msampha wina: kachipangizo kameneko kamafuna intaneti ulendo woyamba kuti kagwirizane ndi makinawo. Awalumikize konko, akokeretu zokonza zonse za makina ndi za magemu pa Wi-Fi ya kwawoko, ayese gemu iliyonse netiweki itathimitsidwa, kenako ndiye aikulunge m'bulangete n'kuikweza basi.